Nyumba Imene Ndinaisungira Madzi

Pirikato, 19 Okutobala 1980

Amake Chizu,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana ndi wa amayi anu. Ine kuno ndili bwino, kungoti mphuno yayamba kudontha. Ndalama ndinatumiza Lachiwiri papositi. Mugulepo malata awiri a khola la mbuzi, yotsalayo nsapato za Chizu, zokulirapo pang'ono kuti akule nazo.

Tsono khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kukalipa. Chaka chino sindibwera kudzadula nzimbe.

Zaka zisanu zonsezi ndakhala ndikugwira kuno nyengo yotentha yokha, kukankha maboti a alendo ndi kusesa pamalo a matenti, masamba akangofiira ine ulendo wa kwathu kumwera, kuchilumba cha Erabu. Dzana titakokera boti lomaliza kumtunda, abwana Oikawa anandiitana. "Genzo, chaka chilichonse umathawa limodzi ndi mbalame. Ukuopa chiyani? Nyanja ikaundana m'pamene ntchito imakoma." Ine ndinaseka, koma iwo ayi. Akufuna munthu wa chaka chonse.

Ndiye pali nkhani ya nyumba. Kuseri kwa sukulu kuli nyumba ya khonsolo imene munkakhala mphunzitsi. Zipinda zitatu, bafa lam'kati, mipopi inayi. Inayi, amake Chizu! Sukuluyo yatsala ndi ana asanu ndi anayi, ndipo akuti akapanda kukwana khumi pofika Epulo aitseka. A khonsolo anena kuti ndikalembetsa Chizu mwezi wa Malichi usanathe, nyumbayo tikhalamo mmene tingafunire, lendi yake yosafika ndi fodya amene achimwene anu a Shigeo amasuta pamwezi. Makiyi andipatsa kale.

Ndatopa kukhala bambo wa mu envelopu. Nditafika chaka chatha, Chizu anabisala kuseri kwa siketi yanu n'kumandisuzumira ngati ndine wogulitsa mankhwala a khomo ndi khomo. Sindinanene, koma zinandiwawa.

Kuno kulibe namondwe wosasula madenga, madzi satha, dokotala amabwera Lachinayi lililonse. Za kuzizira anthu amakokomeza. Pali nkhalamba za zaka makumi asanu ndi atatu zimene zinabadwira konkuno ndipo zikuyendabe, ine ndingalephere? Chondidabwitsa n'chimodzi chokha. Aliyense ndikamuuza kuti nditsala, sayang'ana nkhope yanga, amayang'ana nsapato zanga. Kaya zalakwa chiyani.

Ganizani bwino mundiyankhe.

Ine wanu,
Genzo

Pirikato, 23 Novembala 1980

Amake Chizu,

Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha amayi chaleka ndiponso kuti Chizu waguluka dzino. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndimamva mawu a achimwene anu m'menemo. Komabe ndavomera zonse. Mubwera nokha pa 1 Malichi, masiku atatu, muone nyumba ndi maso anu. Mukati ayi, ndinyamula chikwama, tibwerere limodzi, ndizikadula nzimbe za a Shigeo ndipo za kumpoto sindidzatchulanso. Zakuti mudzandipeze ndi zala zanga zonse, aaa, mwandiyesa mwana?

Chipale chofewa chinayamba kugwa pa 9. Ndinatuluka ndi ambulera, ana asukulu n'kuseka mpaka wina kugwa chagada. Akuti kuno chipale sanyowa nacho, amangosasa. Zinthu za kuno zonse zili chadodolido. Panja mano amachita kugundana, koma ukalowa m'nyumba ya munthu umapeza mbaula ya palafini ili psuu, mwini wake ali ndi kamalaya kopyapyala akumwa zoziziritsa kukhosi. Mazira amaika m'firiji kuti asaundane. Mwamva? M'firiji, kuti afunde. Ine mutu unaima.

Woyandikana nane ndi mayi Hamano, wamasiye, amene ali ndi golosale yogulitsa mbedza, nyambo ndi tofu, chakudya chawo cha soya. Ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zonsezi osadziwa kuti ali ndi pakamwa chonchi. Lamulungu analowa m'nyumba osaodira, molunjika kukhitchini.

"Inu a kuchilumba, bwerani kuno. Gwadani."

Ndinagwada. Anatukula kathabwa ka pansi, pansi pake pali chitsulo chotembenuza.

"Mukamachoka kupitirira tsiku limodzi, tembenuzani ichi mpaka chilimbe. Kenako tsegulani mipopi yonse madzi atuluke, mpaka dontho lomaliza. Bafa, ndowa, ketulo, zonse muzisiye zouma. Apo ayi mudzalira. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Simunamve. Nkhope yanu yangoti phwii ngati ng'ombe pamsika."

Amake Chizu, inu ndiuzeni. Kutaya madzi? Dala? Ife amene amayi athu ankatsika kuphanga makwerero zana limodzi kukatunga madzi, n'kukwera ndi ndowa pamutu? Ndinatayapo kapu imodzi ndili mwana, khofi limene ndinalandira khutu likuliranso mpaka lero. Kwathu munthu wanzeru akaona kuti kunja kwaipa amadzaza chilichonse chimene chili ndi kamwa. Ndikuganiza kuti ndi kamwambo chabe ka kuno, ngati kuwaza mchere pakhomo pochokera kumaliro. Ndinagwedeza mutu mwaulemu, iwo n'kutuluka akung'ung'udza.

Palafini wakwera mtengo, nchifukwa chake ndatumiza zochepa. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale a Shigeo anene zotani. Ndayamba kukhomera Chizu katebulo kolembera ndi matabwa a boti lakale. Musamuuze.

Ine wanu,
Genzo

Pirikato, 11 Januwale 1981

Amake Chizu,

Chaka chatsopano chabwino kwa nonse. Shuga wakuda ndi masilipasi munatumiza zafika. Shugayo ndinagawirako mayi Hamano, akuti ndi wokoma koma ndikuwonongerani mano.

Nyanja yaundana. Ndikudziwa kuti simukhulupirira mpaka muone, koma thirakitala ya abwana ikuyenda pamalo omwe aja ndinkapalasa boti mu Ogasiti. Tsiku loyamba ndinakana kutsika kugombe. Abwana anadumphadumpha pa ayezi n'kumakuwa, "Bwera iwe! Ngati yandinyamula ine ndi mimba yangayi, iwe kambewa ungaithyole?" Ndinayenda ngati munthu wonyamula mazira.

Ntchito yanga ndi iyi. M'mawa ndimaboola ayezi mabowo makumi anayi, kukula kwake ngati mbale ya mpunga, n'kudzika matenti. Kenako mabasi amafika kuchokera kumzinda waukulu wa Sapporo, odzaza anthu ovala bwino, aphunzitsi, a kubanki, ena ndi akazi awo. Amalipira kuti akhale pa kabokosi tsiku lonse, akuyang'ana m'dzenje, kudikira tinsomba tofanana ndi chala chapakati. Tinsomba tomweto mayi Hamano amagulitsa thumba lathunthu pamtengo wa sitampa zitatu. Ndinafunsa bambo wina, milomo ili bii ndi kuzizira, ngati ndiwabweretsere mbaula. Anati, "Ayi ayi, achimwene, musandiwonongere. Ndadikira chaka chonse kuti ndizizidwe chonchi." Munthu ali ndi nyumba yofunda, wakwera basi maola anayi kudzagula chisanu! Ndikazimvetsa ndidzakuuzani.

Koma ndisaname, pali zina zimene zandigwira mtima. Dzuwa likamatuluka ayezi amalira, kulira kwenikweni, kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina. Masana ana asanu ndi anayi aja amabwera ndi aphunzitsi awo kudzatsetsereka, kamtsikana kena kamsinkhu wa Chizu kamathamanga kuposa anyamata onse. Tinsombato ukatikazinga pompo n'kuthira mchere, umaiwala kuti uli ndi mavuto. Ndimaima ndi fosholo n'kumaganiza kuti mwana wathu angaseke bwanji pano.

Kunyumba ndimafoshola chipale pakhomo m'mawa, pobwera madzulo njira yatsekekanso. Tsiku lina ndinachita ulesi, osachotsa. Isanakwane eyiti koloko anthu atatu anali pazenera kufunsa ngati ndafa.

Lachisanu madzi anatuluka pabowo n'kulowa m'jombo lakumanzere. Phazi linandiwawa kwa kanthawi, kenako linaleka lokha, ndiye ndinapitiriza ntchito mpaka madzulo. Chinthu chikaleka kuwawa si ndiye kuti chapola? Abwana ataona phazilo anatukwana mawu amene sindingalembe. Koma si nkhani.

Muuzeni Chizu kuti kuno kuli mbalame zoyera zazikulu kuposa iye.

Ine wanu,
Genzo

27 Januwale 1981

Amake Chizu,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Musadabwe ndi pepala lachilendoli kapena chidindo cha tauni ina. Ndili kuchipatala chachikulu, maola awiri pabasi kuchokera ku Pirikato. Kankhani kakang'ono. Anati ndigone masiku asanu, tsopano akuti asanu ndi atatu, madokotala sadziwa kuwerenga.

Chakudya n'chabwino. M'chipinda muli alimi awiri, wina alibe zala ziwiri zakumanja, winayo khutu lake ndi theka. Atamva kuti ndine wa kuchilumba anakuwa kuitana anzawo a chipinda china kuti adzandione. Wa khutu uja anati, "Kamodzi kokha, kakang'ononso? Mwana iwe, nyengo yakupatsa moni chabe."

Ndifunseko. Pa nkhani ya zala ija munalemba mu Novembala, munkatanthauza kuti zikhale zathunthu, kapena kungoti zikhalepo? Ndangofunsa.

Za nyumba musade nkhawa, ndinaisiya bwino kwambiri. Wailesi inanena kuti kukubwera kuzizira kumene sikunaonekepo zaka khumi, ndiye ndinachita zimene amayi anga anandiphunzitsa kunja kukamaopsa. Ndinadzaza bafa mpaka m'milomo, ndowa zonse ziwiri, mapoto, ketulo, ndi mabotolo khumi ndi awiri amene ndinatola pamatenti. Mipopi ndinaimanga zolimba ndi pulayala kuti isadonthe. Ndikabwerera ndikutsimphina sindidzavutika ndi madzi.

Ndikukwera basi, mayi Hamano anatuluka m'golosale n'kukuwa, "Madzi mwataya?" Ndinangoti eya, kuopa kuti basi indisiya iwo akundilalatira. Mwambo wawo ndiulemekeza, koma kutaya madzi abwinobwino, manja anga anakana.

Mwezi uno ndalama ichedwa pang'ono. Amayi musawauze za chipatala. A Shigeo makamaka.

Ine wanu,
Genzo

Pirikato, 8 Febuluwale 1981

Amake Chizu,

Moni nonse. Ndatuluka, ndikuyenda, ndili bwino.

Ndaganiza kuti mwina Malichi si mwezi wabwino kuti mubwere. Misewu imakhala yoipa. Bwanji Meyi, maluwa atayamba? A khonsolo ndikambirana nawo, mwina angadikire. Tikiti ya sitima ngati simunagule, musagule.

Panopa sindikugona kunyumba kuja. Pali tina tofunika kukonza, tating'ono. Ndikugona kwa mayi Hamano, chipinda cha pamwamba pa golosale. Akundisamala kwambiri, m'mawa uliwonse amanditsuka phazi ndi madzi ofunda n'kundimanga okha, ndipo msuzi wawo wa nsomba simunalawepo wotere. Makalata muzilemba kudzera kwa iwo.

Masilipasi munatumiza aja alipo, ndimawaona tsiku lililonse, koma sindingathe kuwavala pakali pano. Ndidzafotokoza.

Ndatopa, ndilekeze apa.

Genzo

Pirikato, 19 Febuluwale 1981

Amake Chizu,

Kalata yanu yafika lero ndipo ndaiwerenga nditaimirira m'golosale. Mulibe moni, mulibe za Chizu, mizere isanu ndi umodzi basi. Mukuti ndikhale ndi wotsuka mapazi wangayo. Mukuti achimwene anu ananena kale kuti mwamuna sakhalira chipale, amakhalira chimene chili m'bulangete. Ndinawerenga kawiri ndisanamve kuti mukunena mayi Hamano. Mayi Hamano! Amake Chizu, mayi amene amanditchula ng'ombe pamaso pa makasitomala? Ndinalakwa pati polemba? Ndinangofuna mudziwe kuti ndikusamalidwa.

Chabwino. Ndimabisa chifukwa cha manyazi, koma bola mundiyese chitsiru kusiyana ndi wachimasomaso. Imvani.

Tsiku lotuluka m'chipatala abwana anadzanditenga pa lole. Titafika, chitseko chinakana kutseguka. Pansi pake panali patatuluka ayezi ngati lilime, kutsika makwerero onse mpaka panjira. Abwana anangoti, "Genzo, unataya madzi?" Anavula chipewa n'kukanda mutu.

Tinalowera pazenera. Amake Chizu, m'nyumba mwathu munali nyanja. Nyanja yeniyeni, youndana, yofika m'kakolo, kuyambira kukhitchini mpaka kuchipinda chimene ndinakonzera Chizu. Akuti madzi akaundana amafufuma, ndiye paipi inang'ambika n'kumapopa madzi masiku onse aja, iwo n'kumaundana pamwamba pa anzawo. Bafa linasweka pakati ngati dzira. Mabotolo khumi ndi awiri onse anaphulika. Kudenga la kukhitchini kunkalendewera ayezi wotalika ngati nzimbe. Masilipasi anu ali pansi pa ayezi, bwinobwino, moyandikana, umachita kuwaona maluwa ake. Katebulo ka Chizu kaima pakati, miyendo yonse inayi yagwidwa.

Mayi Hamano atafika anasuzumira pazenera, n'kukhala pansi pa chipale, kuseka mpaka misozi. Atatha anadzuka n'kundimenya ndi magolovesi kumutu.

"Ndinakufunsani pabasi paja! Munati eya!"

"Ndinaona kuti ndi mwambo chabe, mayi."

"Mwambo? Mwambo wa agogo anu! Safunsa anadya phula, inu mwadya nyumba yathunthu!"

Ndinayesa kufotokoza za phanga la kwathu ndi ndowa ya amayi. Iwo anangoti, "Tengani chikwama. Mukagona pano mawa tikupezani muli ngati masilipasiwo." Nkhani ya kugona kwawo ndi imeneyo. Chipindacho ndimagona ndi makatoni a nyambo.

Bambo wa kukhonsolo anabwera, anayenda pa ayezi m'chipinda chochezera atagwira khoma, anayamwa mano, n'kunena kuti tsiku silisuntha. Dzina la mwana lifike pa 31 Malichi, apo ayi nyumba ndi sukulu zonse zitsekedwa. Ndinaganiza zongonyamuka mwakachetechete. Ndinalira, ndisabise.

Tsono chimene sindikumvetsa ndi ichi. M'mawa mwake ndinapeza anthu asanu ndi mmodzi pakhomo ndi matchizulo, nyundo ndi mbaula ziwiri. Palibe anandipatsa moni, anangoyamba kugoba. Tsiku lililonse amabwera, kusinthana, wina wabweretsa paipi, wina mphasa zakale za m'nyumba mwake. Ndinapita kwa bambo wina, tate wa kamtsikana kothamanga kaja, kukapepesa kuti ndawavutitsa. Anati, "Chokani apa, mukutchinga kuwala. Sitikukumba nyumba yanu ife, tikukumba mwana wachikhumi." Abwana nawo akuti, "Aliyense kuno anaswapo paipi kamodzi. Ine yanga inali chaka chimene ndinakwatira. Koma kudzaza mabotolo, Genzo, zimenezo ndiwe woyamba." Kaya akunditonza, kaya akundilandira, ine sindikudziwa.

Chala chaching'ono cha phazi lakumanzere anadula theka. Tsopano mwadziwa zonse. Madzi akatayika saoleka, ine anga ndikuwanyamula ndi fosholo kukataya panja.

Ngati simubwera, ndimva. Koma musalembenso kalata yopanda dzina la Chizu.

Ine wanu, wa inu nokha,
Genzo

Pirikato, 9 Malichi 1981

Amake Chizu,

Ndikhulupirira munayenda bwino ndipo sitima sinakuvuteni. Moni kwa amayi ndi Chizu. A Shigeo nawonso apatseni moni, ngakhale sakuuyenera.

Kalata yanga ya pa 19 ndiye mwaipeza mutabwerera, zonse mutaziona kale ndi maso. Tinaphonyana panjira, inu ndi iyo. Mpaka lero ndikatseka maso ndimakuonani mukutsika basi pa 21 Febuluwale paja, sabata yathunthu tsiku lanu lisanafike, nsapato za kutchalitchi kumapazi, ambulera m'manja ngati mkondo. Mayi Hamano akufotokozera aliyense mmene munalowera m'golosale n'kufunsa kuti, "Wotsuka mapazi a amuna a eni ndi uti?" Akuti anakuyankhani, "Ndine. Mwabwera kudzawatenga? Zikomo, andikwana." Kenako anakukokani dzanja mpaka kunyumba, n'kundipeza ndagwada pakati pa chipinda ndikugoba masilipasi anu ndi tchizulo.

Kuyambira pamenepo, amake Chizu, palibe chimene ndamvetsa.

Ndinkadikira kuti mukalipe. Simunakalipe. Munayang'ana denga, bafa, katebulo, kenako ine. Munati ndivule majombo, munawerenga zala mokweza pamaso pa anthu onse, "zisanu ndi zinayi ndi theka," n'kundibwezera sokosi. Munalanda tchizulo m'manja mwanga. Masiku asanu, osati atatu, munagoba ayezi kuposa amuna awiri, mutavala majombo a malemu bambo Hamano. Madzulo inu ndi mayi amene munabwera kudzamenyana nawo munkatsekerana kukhitchini n'kumaseka, ine ndikalowa, zii. Munkaseka chiyani?

Lamulungu abwana atakutengerani panyanja ndinkati muopa. Munakhala pa kabokosi maola atatu, munagwira tinsomba makumi anayi ndi tiwiri, ine titatu. Ana asukulu akutsetsereka munawayang'ana nthawi yaitali. Ndinafunsa kuti, "Mwaiona bwanji?" Munati, "Kukuzizira." Basi. Pokwera basi ndinafunsanso, munati mundilembera. Lero ndi tsiku lakhumi ndi limodzi, wapositi wayamba kundizemba. Kwatsala masabata atatu kuti dzina lifike kukhonsolo, ndipo ine sindikudziwa ngati ndimange chikwama kapena ndigule makatani.

Nyumba yauma. Mapaipi alumikiza, bafa abwana apeza lakale kwa mlongo wawo. Ndabwereramo dzulo. Katebulo kapulumuka, mwendo umodzi wapindika pang'ono koma ndaika kapepala pansi.

Tsono ndifunse za pepala limene mwamata kukhitchini, pafupi ndi kathabwa kaja. Ndaliona lero m'mawa. Ndi dzanja lanu, ndikulidziwa. "Choyamba, tembenuza chitsulo. Chachiwiri, tsegula mipopi yonse inayi. Chachitatu, taya madzi a m'bafa, usamve chisoni." Chabwino, ndavomera, ndinalakwa. Koma munachita kulemba zilembo zikuluzikulu za ana oyamba sukulu, n'kujambulanso kampopi pambali? Ine ndinafika kalasi yachisanu ndi chinayi. Ndiponso mwalimata pansi kwambiri, kuti ndiwerenge ndimachita kuwerama mpaka msana kulira.

Ndinalekeza kulemba apa, n'kukalowa m'golosale kukadandaula. Mayi Hamano anasiya kudula tofu n'kundiyang'ana.

"Akazi anu anandigwaditsa katatu kuti ndiwaonetse chitsulo chija. Anatembenuza okha mpaka anachidziwa. Anafunsa kuti dzanja laling'ono lingachikwanitse, ndinati tikathira mafuta. Pomata pepalalo anayeza ndi dzanja, apa, pamimba pawo. Ndipo inu mwabwera kudzandiuza kuti msana ukuwawa?"

"Ndiye ndikuti bwenzi atakweza pang'ono."

"Ambuye, ng'ombe imeneyi! Tulukani m'golosale mwanga!"

Ndinatuluka. Ndinafika pakati pa msewu, fosholo paphewa, m'pamene miyendo inaima yokha.

Amake Chizu, mawa m'mawa ndikupita kukhonsolo ndi dzina la mwana. Ngati ndamvanso molakwa, monga mwa chizolowezi changa, tumizani telegalamu mundiletse. Ngati sindinalakwe musavutike kulemba. Mbuzi muwasiyire amayi. Nsapato zija ndinati mugule musadandaule nazo, majombo ake ndigula kuno, mungonditumizira muyeso wa phazi pa kapepala.

Ine wanu,
Genzo

Ndatsegulanso envelopu. Ndinabwerera kukhitchini kukaima pafupi ndi pepala lija. Likundifika pamwamba pa lamba. Mmene ndinkachoka mu Epulo chaka chatha, mutu wonse wa Chizu unkalekezera pathumba la buluku langa. Amake Chizu, mwanayu wakula chonchi ine kulibe?